Masokosi pa Kompyuta ya ba Norah

Pulani inabadwa Lachisanu masana m'tavani ya ba Monde, kuseri kwa msika wa Mtendere, pa tebulo lija la miyendo itatu limene mwendo wake wachinayi ndi kireti ya mabotolo. Bambo wa pulaniyo anali Wilbroad, amene msika wonse umamutcha Maloko chifukwa amayenda ndi thabwa la maloko pachifuwa, kugulitsa khomo ndi khomo. Azamba anali awiri, Goliati ndi Moven.

Goliati anali wamfupi kwambiri. Makolo ake anamupatsa dzinalo ndi chiyembekezo chabe. Koma mphatso anali nayo. Zaka zisanu anakhala akuitanira anthu m'maminibasi pa siteshoni, ndipo akalowetsa zala ziwiri m'kamwa, mluzu wake unkaimitsa ngakhale basi imene yadutsa kale. N'chifukwa chake ankamutcha Mluzu. Moven ndiye anali wophunzira wa gululo. Anachita kosi ya makompyuta milungu itatu ku Kalingalinga, sukuluyo isanasanduke saluni, ndipo kuyambira pamenepo anzake ankamutcha Aiti, kunena IT, katswiri wa makompyuta.

"Mvelani, bafana," anatero Maloko, akukankhira pambali paketi ya mowa wa shekisheki kuti nzeru ipeze malo. "Ba Bornwell, baja ba malole ya mchenga, bakwatilisa mwana wabo Cynthia pa Satade ibwela. Ku loji. Ng'ombe zibili zafa kudala. Mphatso ni mafiliji, mastovu, ma TV. Manje pa geti kulibe cha ndine neba, kulibe cha tinaphunzila pamodzi. Khadi chabe. Ulibe khadi, uzamvela fungo uli pa msewu."

"Manje ise makhadi tizayapeza kuti?" anafunsa Mluzu.

"Bapanga ba Norah, pa shopu yabo ya vopulinta. Fayilo ili mu kompyuta. Titenga fayilo, tipulinta yathu mu tauni, tigulisa Mtendere yonse. Yatatu tisunga. Tivala masuti, tingena monga ba komiti, tinyamula mphatso monga tithandiza. Munthu wa suti akanyamula filiji, kulibe amufunsa. Bamusegulila na chitseko."

Moven anayang'ana m'kapu mwake. Iye anali ndi chake chomulemera. Atapondaponda fumbi la Lusaka zaka zitatu, kampani ina ya alonda inali itamulandira. Chotsala chinali chimodzi: Lolemba apite kupolisi akadinde zala, atenge pepala lonena kuti manja ake ndi oyera, akapereke ku kampani. Amayi ake ku Chadiza anali atauza kale mudzi wonse, ndi mbuzi zomwe. Kungoti kampaniyo inafunanso kuti mlonda abwere ndi jombo zakuda zake, pamene Moven anali ndi patapata ndi nsapato za kutchalitchi zoseka kutsogolo.

"Ine siningakwanise, bakamba," anatero, akumulemekeza Maloko ngati mkulu wake. "Mande nili na vodinda zala. Elo ba Norah ni ba kumunzi kwathu. Ndiye bananilembela kalata ya nchito mahala, na foto bananikopa."

"Ndiye chifukwa chake! Kompyuta yabo uidziba. Elo tibabela chani? Fayilo ukatenga, isala pamene inali. Ni monga kupala moto kwa neba. Iwe wapala, wake usala uyaka." Maloko anaweramira pansi pa tebulo n'kuyang'ana mapazi a Moven nthawi yaitali, ngati munthu ali pamaliro. "Jombo nizakugulila ine. Saizi?"

"Naini."

"Naini. Yasila."

Munthu akakufunsa saizi ya phazi, mtima umafewa. Moven anatapa nshawa m'mbale, n'kuika njere ziwiri pa tebulo, ina pamwamba, ina pansi pake.

"Kompyuta ya ba Norah ili na kamenyu pa kona," anayamba, ndipo mawu ake anasanduka a mphunzitsi. "Ukadina, kaonesa mafayilo yamene basebenzesa manje manje. Manje fayilo ili na njila zitatu. Ukadina chabe na mausi, ifunsa pasiwedi. Apo tagwa. Koma ukagwilila batani iyi ya pansi, Kontolo, uku udina, fayilo siiseguka. Iseguka foda, nyumba mwamene ikhala. Ukoka, uponya mu fulashi, kaja kosungila mafayilo, tayenda. Manje iyi ya pamwamba ni Shifiti. Ukagwilila iyi, siifunsa vilivonse. Ituma fayilo ku pulinta, pepala ichoka pamene apo. Banachita dala ba Norah kuti nchito iziyenda fasiti, elo bananiphunzisa bekha."

"So tigwila iti?"

"Ya pansi."

"Ya pansi," anabwereza Maloko, ngati waitulukira yekha. Mluzu anatola Shifiti n'kuponya m'kamwa.

Za chitseko panalibe vuto. Maloko anatulutsa kiyi m'thumba la kumbuyo n'kumuika pa tebulo. Loko wa pashopuyo anagulitsa ndi iyeyo. "Loko iliyonse imabwela na makiyi yatatu," anatero. "Ine nigulisa na yabili. Ni bizinesi."

Za nthawi nazo anali ataganiza. Usiku, anati, ndi wa ophunzira kumene. Komanso usiku ku Mtendere kunalibe magetsi mwezi umenewo, ndipo kompyuta sayatsa ndi kandulo. Kuchigawo kwa ba Norah magetsi ankabwera dzuwa lili paliwombo n'kuchoka chakumadzulo. Lamlungu ba Norah amakhala kutchalitchi mpaka dzuwa litapendeka. Msewu umakhala wa agalu okha.

"Nanga zala zanga?" anafunsa Moven. "Zikasala pa kompyuta?"

Maloko anagogoda mutu wake ndi chala. "Vonse vili muno."

*

Lamlungu linacha ndi dzuwa la Okutobala, lija lothamangitsira nkhuku pansi pa magalimoto akufa. Anakumana kuseri kwa chigayo. Maloko anatsegula pulasitiki n'kutulutsa mapeya atatu a masokosi a mpira, a salaula, ovalidwapo kale, okhuthala ngati bulangete, ofika m'zigongono.

"Magolovesi yali kuti?" anafunsa Moven.

"Munthu ogula magolovesi mu Okutoba bamamufunsa mafunso. Sokosi ni sokosi. Vala."

"Na ine?" anatero Mluzu. "Ine nikhala panja, sinigwila vilivonse."

"Gulu ni gulu. Yunifomu."

Anavala. Manja awo anakhala ngati mapazi a bakha.

Shopu ya ba Norah inali chipinda chimodzi chomangidwa kutsogolo kwa nyumba yawo, khomo lake loyang'ana kumsewu, khoma lakumbuyo logundana ndi la nyumba. Chitseko chinali chachitsulo, ndipo panali zenera limodzi la zitsulo ndi katani. Mluzu anaima pansi pa mtengo wa mango, pakati pa shopu ndi geti la kunyumba. Lamulo lake linali lophweka. Akaona munthu, aimbe mluzu.

Kiyi anagwa pansi katatu. Kachinayi Maloko anavula sokosi, n'kutsegula ndi dzanja lenileni, n'kuvalanso.

"Bakamba, zala zanu," ananong'ona Moven.

"Zala zanga zili pa maloko ya Mtendere yonse. Baziyamba kufuna."

Loko anamukoloweka pachitseko ali chitsegukire, mwaulemu, kuti wodutsa aganize kuti mwini wake ali m'kati. Analowa awiri n'kukoka chitseko.

M'katimo munali fungo la mapepala ndi guluu. Pakhoma panali zitsanzo za ntchito: makalendala, mapulogalamu a maliro, makhadi a maukwati amene ena mwa iwo anatha kale. Moven anayang'ana pa tebulo la pambali, pamene pankakhala pulinta, n'kupeza palibe. Panangotsala malo oyera a ngodya zinayi pakati pa fumbi. Mtima wake unakhala pansi. Ngakhale dzanja litaphonya, palibe chimene chikanalira. Chingwe china chinachoka kumbuyo kwa kompyuta n'kulowa pakabowo ka pakhoma. Moven anachiona, koma m'komboni zingwe zimalowa ndi kutuluka m'makoma ngati makoswe, ndipo palibe amene amazifunsa kumene zikupita.

Anayatsa kompyuta. Inadzuka pang'onopang'ono ngati nkhalamba yodzutsidwa masana. Anakankha mausi ndi phazi la bakha lakumanja mpaka kamuvi kanafika pakona. Kamenyu kanatseguka. Mzere woyamba unati: Ukwati Cynthia khadi. Wachiwiri unati: Kalata Moven ulonda. Kuona dzina lake pamenepo kunamulasa pang'ono pansi pa nthiti, koma Maloko anali akumupumira m'khutu.

"Ni iyo! Ya pansi, Aiti. Gwila ya pansi."

Moven anatsitsa dzanja lamanzere pakona ya kiyibodi. Zilembo za pa mabataniwo zinafufutika kalekale ndi zala za ba Norah, koma malo ankawadziwa. Anakanikiza Kontolo. Chimene sanamve, chifukwa sokosi ya mpira siimva kanthu, n'chakuti nsalu yopindikana kunsonga kwa zala inakanikizanso batani la pamwamba pake. Ndipo kompyuta ya ba Norah ikapatsidwa malamulo awiri nthawi imodzi inkamvera la pamwamba. Zimenezi ba Norah sanamuphunzitse, chifukwa anthu a zala sizimawachitikira.

Anadina. Kamenyu kanatsekeka. Kompyuta inaphethira kamodzi n'kukhala chete.

"Foda ili kuti?"

"Ibwela."

Anadikira. Sinabwere. Moven anatsegulanso kamenyu, anakanikizanso, anadinanso. Chimodzimodzi. Thukuta linayamba kutsika m'masokosi mpaka m'zigongono. Pa tebulo, pafupi ndi dzanja lake, panali cholembera chabuluu, choonda bwino, choti chikanakanikiza batani limodzi lokha popanda kusiya chala cha munthu. Chinangowayang'ana.

"Ku kosi banatiphunzisa," anatero Moven. "Chinthu chikakana, yesa pa fayilo ina. Uzaona ngati vuto ili pa fayilo olo pa batani."

Anasankha kalata yake yomwe. Popeza inali yake, anaona kuti salakwira munthu. Anakanikiza, anadina. Chete.

"Iwe udina monga upempha mchele," anatero Maloko. "Makina yafuna mwamuna. Gwila mabatani yako, nipase mausi."

Tsono kamenyu kameneka kali ndi khalidwe lake. Fayilo imene wagwira pomaliza imakwera n'kukhala pamwamba pa zinzake. Maloko zilembo zazing'ono sankaziona bwino, ndipo magalasi ankati ndi a azibusa. Iye anangokumbukira kuti khadi lili pa mzere woyamba. Moven maso anali pa dzanja lake, kulondera Kontolo. Choncho Maloko anayamba ntchito. Pakona, mzere woyamba. Pakona, mzere woyamba. Anadina ngati akukhoma msomali, mpaka phewa linatopa.

"Kompyuta ya chakale iyi," anatero akupuma. "Ba Norah bafunika kugula ina."

*

Zimene zinkachitika kuseri kwa khoma Moven anadzazimva pambuyo pake, kwa anthu ambiri, aliyense ndi mchere wake.

Lamlungu limenelo ba Norah sanakhalitse kutchalitchi. Komiti ya amayi ya ukwati wa Cynthia inali ndi msonkhano kunyumba kwawo, ndipo amayi khumi ndi awiri anali atadzaza pabalaza kuyambira dzuwa lisanafike pamutu, akadali m'mayunifomu a chigwirizano. Pulinta inali pomwepo, pafupi ndi wailesi ya kanema. Ba Norah anaisamutsa Lachisanu madzulo, ataidzaza mapepala agolide a makhadi, okwera mtengo, amene anaopa kuwasiya m'shopu chifukwa cha mbava.

Amayiwo anali pa mkangano wa mtundu wa chitenje, ena akuti chobiriwira, ena akuti chobiriwira chimadetsa nkhope pa zithunzi, pamene pulinta inakhosomola. Inakoka pepala, inalira, n'kulavula khadi la ukwati, lokongola, lonyezimira.

"Aa, ba Norah," anatero amake Cynthia, mayi wa mkwatibwi, "makina yanu yamamvela na nkhani?"

Linatuluka lachiwiri. Amayi analandirana, akuyamikira maluwa a m'mbali. Ba Norah okha sanayamikire. Anali akuyang'ana chingwe cholowa pakhoma.

Kenako linatuluka pepala lina, lagolide lomwelo, koma pakona pake panali nkhope ya mnyamata wa tayi yobwereka. Linali m'Chingelezi, ndiye mayi wina wophunzitsa ku pulayimale anaimirira n'kumasulira mokweza ngati kalata ya kwa Akorinto.

"Ine Moven Mvula, ndikupempha ntchito ya ulonda. Ndine munthu wokhulupirika, wosagona pantchito, wolemekeza katundu wa eni ake. Ndimadziwanso kompyuta."

Asanamalize, linatuluka lina. Ndi lina. Ndi linanso. Pulinta inagwira ntchito mokhulupirika mpaka mayi aliyense anali ndi lake m'manja, ndipo otsala anawaunjika pa mpando kusungira amene sanabwere.

Ba Norah anaika kalata yawo pa tebulo. Anaimirira, anamanga chitenje mfundo ziwiri, n'kutsogola.

*

M'shopu, Moven ndi Maloko anamva kaphokoso panja. Pfff. Pfff.

"Ni chani icho?" anafunsa Moven.

"Tayala ya njinga. Osasamala. Mluzu akalila ndiye tithaba."

Anali Mluzu yemweyo. Geti litatseguka n'kutuluka amayi khumi ndi awiri pamzere, iye analowetsa zala ziwiri m'kamwa monga mwa masiku onse, n'kupeza kamwa ladzaza ubweya. Anayesa kukoka sokosi ndi mano, koma thukuta linali litaimata pakhungu. Anali akulimbana nayo choncho pamene amake Cynthia anaima patsogolo pake n'kumutchingira dzuwa.

"Batata, manja yachita bwanji?"

"Mphepo, mami."

"Mu Okutoba?"

Anamugwira pakolala ndi dzanja limodzi, ndipo mapazi a Goliati anasiyana ndi dziko.

Phokoso lachiwiri Maloko analidziwa bwino kuposa mawu a mayi ake. Linali la loko wabwino akutsekeka. Kiyi wachitatu anali m'thumba mwake, ndipo loko anali kunja kwa chitseko chachitsulo. Anthu awiri aja anayang'anana, kenako onse pamodzi analowa pansi pa tebulo.

"Osatekeseka," ananong'ona Maloko. "Katani ni yotseka. Sibationa, sibatidziba. Mluzu sakamba, ni msilikali. Tikhale zii. Bakayenda kuitana bapolisi, tichoka pa malata. Chikulu ni ichi: dzina isachoke. Wamvela? Dzina isachoke."

Moven anagwedeza mutu movomera. Anapemphera chamumtima pemphero lalifupi, lolonjeza zambiri.

Pomwepo foni inalira m'thumba mwake.

Sanaizimitse pochoka kunyumba. Mlungu wonsewo sanaizimitsepo ngakhale posamba, chifukwa a ku kampani anati adzamuimbira kumuuza za yunifomu. Inalira nyimbo ya kwaya, mokweza, m'chipinda chotseka. Anaitulutsa ndi manja awiri, n'kuyamba kuipalasa ndi sokosi kuti ikhale chete, koma galasi la foni silimva nsalu. Analuma sokosi yakumanja, anakoka ndi mphamvu zonse, dzanja linatuluka lonyowa ngati kamwana ka mbuzi kongobadwa.

"Zimya!" anatero Maloko.

Moven anayang'ana nambala. Inali yachilendo.

"Bakamba, kapena ni ba kampani."

"Pa Sande?"

"Balonda basebenza na pa Sande."

Anakonza kukhosi, n'kuyankha ndi mawu amene anakhala akuyeserera masiku asanu. "Halo, bwana. Ni Moven Mvula akamba."

Panja, amayi khumi ndi awiri anamva mawuwo kawiri, pa foni ya mphunzitsi uja ndiponso pazenera. Nambala anaiwerenga pansi pa kalata, pamene panalembedwa kuti angapezeke nthawi iliyonse.

"Moven," anatero mawu a ba Norah, osati pa foni koma pazenera. "Tsegula katani, mwana wa kwathu."

Anatuluka pansi pa tebulo n'kutsegula. Zenera lonse linali nkhope ndi maduku. Mayi aliyense anali ndi pepala lagolide, ndipo ena ankayang'ana chithunzi, n'kuyang'ana iye, n'kuyang'ananso chithunzi, ngati a pa chipata cha dziko.

"Ni yeve," anatero wina. "Koma pa foto aoneka wolemela."

Ba Norah anamuyang'ana. Sanakweze mawu. Anayankhula Chichewa cha kumudzi, chimene Moven akanakonda kuti chikhale mbama.

"Umafuna Kontolo kapena Shifiti?"

"Kontolo, amama."

"Nanga unagwira chiyani?"

"Kontolo, amama."

"Tandionetsa manja."

Anawakweza. Lina linali lamaliseche, lina litavala sokosi yofiira ya mizere yoyera mpaka m'chigongono. Patali galu anauwa kamodzi, n'kuona kuti sizikumukhudza.

"Ndinakuuza kuti chala chimodzi, batani limodzi," anatero ba Norah. "Sindinadziwe kuti udzabwera ndi phazi."

Apa Maloko anaona kuti nthawi ya mtsogoleri yakwana. Anatuluka, anasasa fumbi m'mawondo, n'kufika pazenera akumwetulira ngati ali pakhomo la kasitomala.

"Mami, mwachoma bwanji? Pali kusamvana pang'ono apa. Ine nabwela chabe kubwelesa kiyi yanu yachitatu. Inasalila mu thumba. Manje nati niyese ngati isebenza."

"Isebenza?"

"Bwino maningi, mami."

"Zikomo. Patseni kuno."

Anapereka, ndi manja awiri, ali m'masokosi.

"Na ine nagula loko kuli uyu," anatero mayi wina kumbuyo. "Ananipasa makiyi yabili."

"Na ine," anatero wina.

"Na ine."

Maloko anabwerera pansi pa tebulo.

Moven anagwira zitsulo za zenera ndi dzanja lamaliseche lija. Za zala anali ataiwala. "Amama, mawa ndi Lolemba," anatero, nayenso Chichewa cha kumudzi chitamubwerera chokha. "Akandilemba m'buku la apolisi, ntchito yapita. Ndimangofuna jombo. Amayi kumudzi auza kale anthu."

Nkhope ya ba Norah inafewa pang'ono, ndipo Moven anaona kachiyembekezo kakusuzumira. "Ukanandiuza," anatero. "Jombo za malemu bambo a m'nyumba muno zili pansi pa bedi chaka chachitatu, zikungodyedwa ndi nkhungu." Anatembenukira kwa amake Cynthia, pakamwa patatseguka kale kuti apepese m'malo mwa mwana wa kwawo.

Koma amake Cynthia anali ndi Mluzu kudzanja lina, foni kudzanja lina, ndipo anali akumaliza kale.

"Ee, batate Cynthia. Mapepala ya golide yasila, bapulintilapo nkhope ya kawalala. Bwelani na lole."

*

Ba Bornwell anabwera ndi lole imene inali pafupi, yodzaza mchenga wa Lolemba. Mbava zitatu anazikweza pamwamba pa mchengawo, n'kuyenda nazo kupita kupolisi pang'onopang'ono chifukwa cha maenje a mumsewu. Nthawiyo n'kuti matchalitchi akuweruka. Mtendere yonse inali pamsewu, itavala bwino, ndipo inaona. Amayi a komiti ankatsatira pambuyo wapansi, akudzipepesera mphepo ndi kalata ya Moven.

"Pulani inali bwino," anatero Maloko ali pamwamba pa mchenga, akuyang'ana kutsogolo ngati mfumu pa ulendo. "Vuto ni kompyuta."

Mluzu anali akulavulabe ubweya.

Lolemba m'mawa wapolisi anawatulutsa m'chitolokosi mmodzimmodzi. Anali bambo wachikulire, wodekha, wa magalasi omangidwa ndi ulusi. Anamuimika Moven pa tebulo, anatsegula kabokosi ka inki, anagwira chala chake chachikulu n'kuchigubuduza pa pepala mosamala, kenako chotsatira, mpaka zonse khumi. Zinatuluka bwino kwambiri, mizere yonse ikuoneka.

Moven analiyang'ana pepalalo. Linali ndi chidindo pamwamba, dzina lake litalembedwa molondola, tsiku lake lomwelo limene a kampani ananena.

"Bwana," anatero mwaulemu, "iyi pepala, siningaipeleke ku kampani ya balonda? Banakamba ati lelo."

Wapolisiyo anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. Anauzira inki kuti iume, analowetsa pepalalo m'chikuto cha mlandu, n'kutseka.

"Osavutika, mwana wanga," anatero. "Bakafunsa, tizabatumila tekha."